Galimoto Yogonamo Imene Ndinasankha Ndekha

Pagulu lathu la kutchalitchi kuno ku Dubai, munthu akangotchula mawu akuti holide, achemwali anga a Esinati amayamba kukhosomola. Si chifuwa ayi. Amakhala akubisa phwete, maso ali pa ine. Ine ndimangonyamuka n'kupita kukatsuka makapu, ngakhale makapuwo atatsukidwa kale. Nkhaniyi ndakhala ndikuizemba, koma popeza achemwali akuifotokoza mothira mchere wambiri, bola ndiinene ndekha.

Choyamba mudziwe kuti ndine munthu wosakhazikika. Amayi ankati mpando umandiwotcha. Ndine namwino pachipatala china cha kuno, ndimakhala m'kafulati ku Jumeirah Village Circle, ndipo ndikaweruka sinditha kungokhala phee ngati anthu ena. Ndimasuntha mipando, kuibwezera pomwe inali, kutsegula firiji, kutseka, kutenga foni. Ganizo likandibwerera m'mawa, pofika masana liyenera kukhala litachitika, apo ayi mutu umandiwawa.

Achemwali ndi osiyana nane kutalitali. Amagwira ntchito ya m'nyumba kubanja lina ku Jumeirah, ndipo amagona komweko, m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini. Kulera ana, kuchapa, kusita, ndiponso galu. Galuyo dzina lake Bisiketi, kagalu koyera ngati thonje, kamene amakasambitsa sabata iliyonse ndi sopo wakewake. Achemwali ndi agalu sanagwirizanepo chibadwire. (Kwathu ku Phalombe galu amasamba mvula ikagwa, basi.) Koma ntchito ndi imene ikuphunzitsa ana awo kumudzi, ndiye amangoluma mano n'kumasambitsa.

Chakumapeto kwa chaka chatha, nyengo imene kuno kumazizira bwino, madamu awo anati banja lonse likupita kunja, galu akamusiya kwa mnzawo, ndipo achemwali apumeko masiku ochepa. Chibwerereni kuno sanapumepo masiku otsatizana. Anandiimbira tsiku lomwelo.

"Ndiye mukufuna tipite kuti, achemwali?"

"Kulikonse kopanda belu la madamu. Ngati kuli phiri, ndikaone phiri. Ndatopa ndi kuona makoma."

Munthu wanzeru akanangopeza kachipinda kogona alendo ku Hatta, kumapiri kuja, n'kukwera basi. Koma ine sabata yomweyo ndinali nditaonera pafoni timafilimu ta anthu ogona m'galimoto, amene amadzuka m'mawa, kutsegula chitseko, phiri lili apo, kapu ya khofi ili m'manja. Galimoto yake m'kati muli bedi, khitchini, zonse. Mtima wanga unanyamuka n'kukakhala m'galimotomo thupi lisanafike.

"Achemwali, musadandaule. Ndibwera ndi nyumba yoyenda. Mukagona phiri likukuyang'anani pawindo."

"Iwe, usandipangitse manyazi."

"Ine?"

Ndinayamba kufufuza makampani obwereketsa galimoto zotere. Yoyamba anandiyankha mayi wina wa ku Philippines, mawu odekha ngati a sisitere. Koma mafunso! Kodi munayendetsapo galimoto yaikulu chonchi? Mukagona pamalo ati? Kwanuko mukaimika pati? Kenako anati ndipite Loweruka ndikaione kaye ndi maso, andionetse mmene chilichonse chimagwirira ntchito. Ine ndinaona ngati akundiderera. Namwino wathunthu, wobaya jakisoni abambo andevu mpaka kuwaliza, wina azindifunsa ngati ndikulemba mayeso? Ndinati ndiimbanso, koma mumtima ndinali nditamusiya kale.

Kampani yachiwiri inandiyankha m'mawa mwake. Kwa ine m'mawa mwake ndi chaka chamawa. Ndinaitaya.

Yachitatu ndinaipeza ndili pabuleki kuntchito, ndikudya chiimirire. Zithunzi zake, abale! Bedi loyala nsalu yoyera, timakatani tamaluwa, timagetsi ting'onoting'ono tolendewera ngati pa ukwati. Zithunzi zonse zinali za m'kati. Zimenezi ndinaziona, koma sizinandiuze kanthu. Ndinaimba pomwepo, ndipo anayankha bambo wina foni isanalire n'komwe. Dzina lake sindinalimve bwino mpaka lero. M'foni mwanga ndinamulemba kuti No Pulobulemu.

"Ili ndi bedi la anthu awiri?"

"No pulobulemu, sisita."

"Pophikira?"

"No pulobulemu."

"Nanga posambira?"

Apa anachita kuseka. "Bafa lalikulu, sisita! Madzi otentha, choumitsira tsitsi champhamvu. Makampani enawo alibe zimenezi."

Uyu ndiye munthu, ndinatero. Sanandifunse funso ngakhale limodzi. Ndinalipiriratu buleki isanathe. (Ndipo ndinene chilungamo: bambo uja sanandinamize. Chilichonse chimene ananena chinalimodi.)

Tsiku la ulendo ndinalawirira kukatenga galimoto. Malo ake anali cha ku Jebel Ali, kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu, kumene ngakhale wa takisi anandifunsa kawiri ngati ndikudziwa kumene ndikupita. Tinapeza bwalo la mchenga, matayala akale, ndi bambo wamfupi womwetulira atatambasula manja ngati walandira m'bale wake. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna nyumba yanga yoyenda. Panali galimoto imodzi yokha.

Pambali pake panali chithunzi cha chigalu chabulauni, chachikulu kuposa ine, chitakhala m'bafa, lilime panja, thovu pamutu ngati duku. Pamwamba pake zilembo zikuluzikulu za Chingerezi ndi Chiarabu, zonena kuti timasambitsa agalu ndi amphaka pakhomo panu, ndi nambala ya foni. Ndinazungulira mbali inayo: galu yemweyo. Kumbuyo: mchira wake. Padenga anamangirirapo makutu awiri apulasitiki, ali njo.

Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Yanga nkhuyu inali yotembenuza, nyerere zonse zinali kunja.

"Bambo, iyi ndi galimoto ya agalu."

"Kale, sisita, kale! Khalas, zinatha. Tsopano ndi ya anthu."

"Nanga chithunzichi?"

"Sabata yamawa tichotsa, inshallah."

"Ulendo wanga ndi lero."

"No pulobulemu." Anapita pachithunzipo n'kuyamba kukanda ndi chikhadabo. Anakanda, anakoka, ndipo chimene chinamatuka ndi diso limodzi la galu. Tsopano galuyo ankaoneka ngati akutsinzinira aliyense wodutsa.

M'kati munalidi monga pazithunzi, kungoti wojambula ankadziwa poima. Matiresi anawayala patebulo lachitsulo lopesera agalu. Bafa linali lofika m'chiuno, la ngowe pakhoma ndi kaunyolo kolendewera. Kasitovu kanali pakona, timakatani tilipo, timagetsi tilipo. Ndinatuluka n'kuimbira mayi wa mafunso uja, mawu nditawafewetsa ngati wopempha mchere kwa aneba amene munayambana nawo dzulo.

"Pepani kwambiri," anatero, "zonse zinapita. Ndi nyengo ya tchuthi."

Ndinaima pamchenga paja thukuta lili kamukamu. Achemwali anali atanditumizira kale uthenga kuti asamba, avala, akudikira. Mukanakhala inu mukanatani? Ndinatenga makiyi.

Ndinadzera kunyumba kukatenga katundu. Galimoto sinathe kulowa mopakira mwa pansi chifukwa cha makutu aja, ndiye ndinaiimika pamsewu. Amene amadziwa Jumeirah Village Circle akudziwa kuti m'mawa aliyense amakhala akuyendetsa galu. Potsika ndi zikwama ndinapeza anthu ataima pagalimoto mwadongosolo, aliyense ndi chingwe m'manja. Mayi wina amene timakwera naye lifiti tsiku ndi tsiku osapatsana moni, tsikulo anandimwetulira n'kufunsa ngati ndimawenganso zikhadabo. Mlonda wa pageti, mnyamata wa ku Uganda amene amandilemekeza kuti sisita nesi, anatembenukira kukhoma mapewa akugwedera. Ndinaponya zikwama m'bafa muja n'kuliyatsa.

Njira yonse ya ku Jumeirah ndinkadzilimbitsa mtima. Mwina achemwali atulukira kugeti ya kuseri. Mwina mumsewu mukhala mopanda anthu. Mwina aseka.

Nditakhota pakona ndinawaona. Anali atavala diresi yawo ya buluu ya pa Khirisimasi, duku latsopano, chikwama pambali. Ndipo sanali okha. Anali ataitana anzawo ogwira ntchito m'nyumba zoyandikana kuti adzaone mng'ono wawo namwino akubwera ndi nyumba yoyenda. Ena anali atakonzeratu mafoni kuti ajambule.

Ndinaima. Galu wa diso limodzi uja akuwatsinzinira onse.

Woyamba kulankhula anali Mai Zulu a ku Chipata, amene pakamwa pawo sipachedwa. "Ba Esinati, ndiye motoka yamene munali kukamba iyi? Nanga si Bisiketi anapita dzulo? Abwera kusambika ndani?"

Wina anaphulika. Kenako onse. Achemwali sanaseke. Anandiyang'ana kudzera pagalasi, kuyang'ana kumene ndinakuona komaliza tsiku limene ndinawotcha yunifolomu yawo ya sukulu ndi simbi. Ananyamula chikwama, anakwera, anatseka chitseko mwaulemu.

"Yendetsa."

"Achemwali, m'katimu ndi mwabwino, mukaona bedi…"

"Ndati yendetsa."

Tinatuluka mumzinda tili chete. Ine chete sindimutha. Ndinayamba kuwaonetsa ngamila, sanayankhe. Ndinawaonetsa mchenga wofiira, sanayankhe. Ndinati mwina akumva kutentha, ndiye ndinayatsa eyakoni. Chimene chinatuluka m'timabowo tija si mphepo yokha. Linabwera fungo la galu wonyowa, la agalu onse amene anasambapo m'menemo, ndi timaubweya tikuuluka pang'onopang'ono ngati nthenga za nkhuku. Kamodzi kanakatera pamlomo pa achemwali. Anakachotsa ndi zala ziwiri, anakayang'anitsitsa, n'kukaika padashibodi ngati umboni wa kukhoti.

Ndinaima pomwetsera mafuta kuti ndikonze zinthu. Ndinawanyengerera kuti abwere kumbuyo aone kukongola kwake. Anabwera, koma chifukwa ankafuna kuona ngati fulawa wawo sanatayike (anali atatenga fulawa kuti akakazinge mandasi kuphiri, mmene ankachitira kwathu). Anatsegula pepala la fulawa n'kuliika pamatiresi. Ine pofuna kuwasangalatsa ndinati ndiyatse timagetsi ta ukwati tija. Pakhoma panali mabatani angapo osalembedwa kanthu. Kodi ndinaimba foni kufunsa? Safunsa anadya phula. Ndinadina lalikulu.

Choumitsira tsitsi champhamvu chija chinali chipaipi chonenepa ngati mwendo, choumitsira ubweya wa agalu akuluakulu. Chinabangula ngati ndege ikunyamuka, chinadzuka chokha n'kuyamba kuvina, ndipo pakamwa pake panakalunjika pa fulawa. Sindinaonenso kanthu. Ndinadina batani lina, madzi anayamba kuthira m'bafa, pazikwama zathu. Ndinaponda chitsulo china pansi, bedi linayamba kukwera. Pamene ndinkapeza pozimitsira, tonse awiri tinali mbuu, diresi ya buluu itasanduka ya mkwatibwi, duku lili pangowe.

Tinatuluka tikukhosomola. Amuna ena amene ankamwa tiyi panja pa shopu anasiya makapu m'malere. Pomwepo foni inalira. No Pulobulemu.

"Sisita, muli pati? Kuli kasitomala pafupi ndi msewu wanu, waona galimoto n'kuimba. Kagalu kakang'ono kwambiri. Mphindi zochepa basi."

"Bambo, ine ndine namwino!"

"Eya, ndiye bwino kwambiri, sisita! Ndimuuza."

Ndinadula. Achemwali anamva zonse. Anangopukuta nkhope ndi m'mphepete mwa chitenje n'kubwerera pampando wawo.

Tinafika ku Hatta dzuwa litapendeka. Pamalo ogona apaulendo panali galimoto zenizeni zogonamo, zoyera, zonyezimira, zina zolembedwa dzina la kampani ya mayi wa mafunso uja. Ndinakaimika yathu kumapeto kwenikweni, galu atayang'ana kuthengo (ndinaiwala kuti mbali inayo aliponso). Ndinatulutsa mipando, ndinaisuntha, ndinaisunthanso, ndinayanika zovala zonyowa, ndinaika madzi a tiyi. Achemwali anaima n'kumayang'ana mapiri.

"Ndi amenewa?"

"Ndi amenewa, achemwali."

"Opanda ndi mtengo womwe."

Anakhala pampando. Ndinaganiza kuti zatha, koma m'pamene anayamba. Sanakweze mawu, ndipo bola akanakweza.

"Iwe, ukudziwa kuti chaka chonse ndimadzuka ndi galu, kugona ndi fungo la galu? Amayi ndikawaimbira ndimati ndimalera ana, za galu sinditchula. Masiku ochepa awa ndimafuna ndikhaleko munthu. Ndinauza anzanga kuti mng'ono wanga ndi wophunzira, andipititsa kokapuma ngati bwana. Lolemba ndikawayang'ana bwanji?"

Ndinati pepani. Liwulo linatuluka laling'ono ngati la mwana. Anangogwedeza mutu n'kulandira tiyi.

Tili choncho tinamva mwana akulira, kulira kukuyandikira. Anatulukira mayi wina wovala magalasi akuda, kamtsikana kakusisima pambuyo, ndipo kutsogolo chigalu chaubweya wautali chikumukoka. Fungo linafika iwo asanafike. Galuyo anali atagubuduka pa chinthu chakufa kudamu la pafupi, ndipo banja lonse limayenera kugona naye m'galimoto imodzi. Mayiyo ataona chithunzi chathu anakweza manja kumwamba ngati waona mngelo. Sanabwere kwa ine. Analunjika kwa achemwali (sindidziwa kuti anthu amenewa amadziwira chiyani) n'kuwapatsa chingwe, akulankhula mofulumira kuti chonde, chonde, pompano.

Ndinaona dzanja la achemwali likunyamuka lokha, mwa chizolowezi. Linafika pakati n'kuima. Kenako linabwerera pakapu.

"No, madam," anatero m'Chingerezi chawo chodekha. "Holiday."

Mayiyo anabwerezanso. Achemwali anapinda miyendo, anamwa tiyi, n'kuyang'ana phiri. Chibwerereni kuno anali asananenepo mawu amenewo kwa madamu aliyense.

Ndiye mayiyo anatembenukira kwa ine. Kamwana kakulira. Ine ndikanangofotokoza kuti galimotoyi ndi yobwereka, chithunzichi ndi chakale. Mawuwo ndinali nawo. Koma mwana akalira namwino amanyamuka, ndiponso kukhala pansi pafupi ndi achemwali nthawi imeneyo kunkandiwotcha kuposa kale lonse. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "No pulobulemu."

Sindinasambitsepo galu chibadwire. Kumukweza m'bafa kokha kunali ngati kukweza thumba la chimanga lamoyo. Sopo wa agalu munalibe, ndinathira wanga wa m'mutu. Ndinasuzumira pakhomo.

"Achemwali, kodi mumayambira kumutu kapena kumchira?"

"Sindikudziwa. Ndili pa holide."

Ndinayambira pakati. Galuyo anapirira mpaka thovu litamukwana thupi lonse, kenako anadzikutumula, thovu lonse n'kubwera kwa ine, pamwamba pa fulawa uja. Ndikupukuta m'maso, anadumpha. Kaunyolo kaja ndinali nditaiwala kumukoleka. Anatuluka pakhomo ngati chipolopolo, n'kuyamba kuzungulira malo onse, kudutsa pamphasa za anthu, pakati pa owotcha nyama, ine pambuyo liwiro la mtondo wadooka, opanda nsapato, ndikukuwa dzina limene sindinkalidziwa. Mayi uja pambuyo panga, kamwana pambuyo pa mayi, tsopano kakuseka. Anthu anaimirira kumaonerera. Ena ankaloza galimoto yathu n'kumagwedeza mitu, kusonyeza kuti kampani iyi sadzaiitana.

Pozungulira kachiwiri ndinamva phokoso limene ndinali ndisanalimve kwa zaka. Achemwali anali atagwa pampando, atagwada pamiyala, dzanja lina pamimba, lina litagwira foni ikujambula, misozi ikulemba mizere pa fulawa wa kumaso. Ankafuna kulankhula koma mpweya unkawathera.

"Thamanga, anamwino! Wodwala akuthawa!"

Galuyo anakagwidwa ndi mwini wake atatopa yekha. Ndinamutsukuluza ndi ndowa panja, choumitsira chija sindinachiyandikirenso. Nditabwerera ndinadzigwetsa pampando, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo sindinafune kunyamuka. Achemwali anandithirira tiyi, akusekabe pang'onopang'ono ngati moto wozilala.

"Phiri lakelo ndi lonyansa," anatero, "koma holide ndiye ndayiona."

Tinakhala masiku onse amene tinakonza. Fulawa wotsala anakwana mandasi ochepa. Usana uliwonse kunkabwera wina ndi galu, ndipo achemwali ankachita kuwathamangira kuti akawakanize okha. Ankaoneka kuti akukomedwa nawo mawu aja.

Mwina mukuyembekeza kuti ndinene kuti ndinasintha. Ndinayesa. Ndinaphunzira kuti munthu amene akukufunsa mafunso ambiri ndi amene akufuna ukafike, ndipo phunziro limeneli ndinalisunga pafupifupi sabata yathunthu. Chimene sindinachiganizire ndi kafilimu kaja. Achemwali anangotumizira mwana wawo wamkulu, mwanayo anaonetsa amalume, amalume anaonetsa a kumpingo. Pofika chaka chatsopano, Phalombe yense anali ataona ine ndikuthamangitsa galu wathovu, kumbuyo kwanga kuli galimoto yolembedwa ntchito yake momveka bwino.

Azakhali anandiimbira Lamulungu lina, mawu ali pansipansi ngati a pamaliro.

"Mwanawe, tamva. Za unamwino zinavuta eti?"

"Ayi azakhali, ndikugwirabe, ija inali holide chabe…"

"Usabise, ife ndi ako. Ntchito ndi ntchito, bola usabe. Tikukupempherera. Koma nawenso uziwamanga kaye agaluwo. Mabwana ako akaona zimene zija akuchotsanso."